Mipata ya m'buku la Mayi Ruth

Ntchito yanga yoyamba ku America anandipezera ndi a Tembo. Ndinali nditakhala miyezi inayi ku Wheaton, m'nyumba ya mlamu wanga, ndikungodya ndi kugona. Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Takoma Park, mkulu wina wa mpingo anandipeza pamene anthu amamwera tiyi. Anali wa ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, wamfupi, wa imvi za m'mbali. Zikhadabo zake zinali zakuda m'mphepete. Ndinadziwa kuti ndi inki ndisanamve n'komwe dzina lake.

"Imwe ndimwe a Mbewe? Namva ati munasebenzako kosindikiza mabuku."

"Zaka zisanu ndi chimodzi, kumishoni kwathu ku Dedza."

"Zilembo zamtovu muzidziwa?"

"Ndimazidziwa."

"Basi, mubwere mailo ku Rockville. Bwana nizamuuza ine."

Mawa lake ndinakwera sitima ya m'tauni, ya njira imene amati yofiira, mpaka ku Rockville. Shopu yawo yosindikizira inali kuseri kwa garaja, chipinda chimodzi chachitali chonunkha inki ndi mafuta a makina. Mwini wake anali a Gordon, mzungu wachikulire wosayankhulayankhula. A Tembo anali atagwira nawo ntchito zaka khumi ndipo ndiwo ankayang'anira zonse za tsiku ndi tsiku. Anthu kuno amasindikiza ndi kompyuta, koma alipo ena amene amafunabe makadi aukwati ndi timabuku tandakatulo tosindikizidwa pamanja, chifukwa chilembo chamtovu chimaluma pepala, ndipo ukasisita ndi chala umachimva.

A Gordon sanandifunse za sukulu. Anandipatsa kachitsulo kosanjiramo zilembo, kamene timati sitiki, n'kundiloza dirowa. Zilembo zimakhala m'madirowa afulati ogawidwa timabokosi, chilembo chilichonse kabokosi kake. Umagwira sitiki kumanzere, n'kumatola zilembo ndi dzanja lamanja, kuzisanja mozondoka. Pakati pa mawu umaikapo tizitsulo tatifupi topanda chilembo, timene sitifika papepala. Mizere ikakwana tsamba umaisunthira mufelemu yachitsulo, kuipanikiza ndi timatabwa, n'kumanga ndi kiyi mpaka pasakhale chogwedera. Ndinasanja mizere isanu ndi itatu. A Gordon anaiwerenga mozondoka momwemo, n'kunena kuti, "Uyambe lero."

Ndiyenera kunena chilungamo pa a Tembo. Chisanu changa choyamba jekete limene ndinavala linali lawo. Anandisainira mapepala a nyumba imene ndinapeza ku Wheaton, pomwe panalibe wina wondiikira umboni. Masiku ogwa chipale chofewa ankanditenga pagalimoto yawo. Mkazi wanga atafika, akazi awo ndiwo anamuonetsa kogula ufa ndi nsomba zouma. Ndinkawatcha akulu, ndipo ndinkatanthauzadi zimenezo.

M'mwezi wanga wachisanu ndi chinayi kunabwera Mayi Ruth. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, woyenda ndi ndodo, ndipo manja awo ankanjenjemera pang'ono. Anabwera ndi faelo ya mapepala otaipa. Kwa zaka zoposa makumi awiri ankamasulira m'Chingerezi ndakatulo za mayi wina wachigiriki wakalekale, ndipo ankafuna mabuku makumi asanu oti agawire amene anawaphunzitsa kale, pa tsiku limene adzakwanitse zaka makumi asanu ndi atatu.

Nditatsegula faelo ndinaganiza kuti taipi yawo inali ndi vuto. Mzere unkayamba pakati pa tsamba. Mawu awiri, kenaka danga lalikulu, kenaka mawu amodzi kumapeto. Masamba ena anali ndi mizere itatu pamwamba, kenaka poyera mpaka pansi. Tsamba lina linali ndi mawu atatu okha. Mayiwo anaona nkhope yanga, n'kukoka mpando.

Anandiuza kuti wolemba ndakatuloyu anakhala pachilumba china cha Agiriki zaka zoposa zikwi ziwiri ndi mazana asanu zapitazo. Ndakatulo zake zinali nyimbo, zoimbidwa ndi choimbira cha zingwe. Ankaimba za maukwati, za atsikana anzake amene ankachoka kukakwatiwa kutali, za mmene thupi limamvera ukamasowa munthu amene umamukonda. Anthu a nthawi imeneyo ankamulemekeza kwambiri, ndipo nyimbo zake anazisonkhanitsa m'mabuku angapo. Pafupifupi zonse zinatayika. Zimene zatsala ndi mizere imene olemba ena anabwereza m'mabuku awo, ndi tizidutswa ta mapepala a gumbwa timene anatifukula m'madzala akale ku Iguputo, tong'ambika, todyedwa ndi tizilombo.

"Pamene mukuona danga, ndi pamene gumbwa anang'ambika," anatero. "Ndayesa dangalo molingana ndi zilembo zimene zikusowa. Amuna ambiri anadzazamo mawu awo m'mipata imeneyi, ena anamupekera nkhani, akuti anadziponya kuphompho chifukwa cha mwamuna. Ine sindikudziwa chimene anaimba pamenepo. Ndikufuna owerenga aone kukula kwa zimene sitikudziwa. Musatseke mpata ngakhale umodzi."

M'ntchito yathu malo opanda kanthu nawo amasanjidwa ndi manja. Tsamba la mawu atatu lija linali lolemera ngati tsamba lodzaza, chifukwa poyera ponsepo pamayenera kudzazidwa ndi zitsulo zosafika papepala. Ndinkayesa mpata uliwonse ndi rula pa taipi yawo, n'kuwerenga tizitsulo tokwanira. Zinanditengera milungu isanu kusanja masamba makumi atatu ndi awiri. Ndinasindikiza mapepala oyesera, mayiwo anawawerenga ndi galasi lokulitsa, anakonza mipata iwiri, n'kusaina tsamba lililonse pakona. Sindinagwirepo ntchito imene ndinainyadira ngati imeneyo.

Pepala la bukulo linali lathonje, lopangidwa pamanja ndi banja lina la kumpoto, ndipo linatenga miyezi iwiri kuti lifike. Pepala lotere ndi lolimba, silimwa inki likakhala louma. Umalinyowetsa kaye: kuviika limodzi m'beseni la madzi, kuliika pakati pa ouma atatu kapena anayi, kusanja mulu, kuukulunga mupulasitiki ndi kuikapo cholemera. Mawa lake chinyezi chimakhala chitafalikira mofanana. Koma uyenera kusindikiza pasanathe masiku awiri kapena atatu. Kupitirira apo pepala limachita chuku. Kunyowetsa inali ntchito ya a Tembo, ndipo sankalola wina kukhudza beseni lija.

Mlungu wa tchuthi cha kumapeto kwa Novembala a Gordon anapita kwa mwana wawo ku Ohio, kukakhala milungu iwiri. Lachiwiri a Tembo ananyowetsa gawo la pepala lija kuti tiyambe kusindikiza Lachitatu. Lachitatu kunabwera makadi a maliro ofunika msanga, ndipo tinatha nawo tsiku lonse. Tinatseka shopu mpaka Lolemba. Mulu uja unatsala mupulasitiki, pafupi ndi paipi yotenthetsera chipinda.

Lolemba m'mawa a Tembo anatsegula pulasitiki, fungo n'kutipeza tonse awiri. Mapepala anali ndi madontho akuda ndi obiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anaima nthawi yaitali akuwayang'ana. Kenaka anandiuza kuti ndiwaike m'thumba lakuda ndikataye kubini ya garaja, osati yathu. Ndinakataya. Nditabwera ndinawapeza akuwerengera pepala lotsala ndi pensulo kukhutu.

"A Mbewe, yatsala ikwana mapeji twente-folo chabe, osati sate-thu. Manje mvelani. Mufinye. Ndakatulo zing'onozing'ono muike ziwiri olo zitatu pa peji imodzi. Mipata iyo muchepetse."

"Akulu, mayi aja anati tisatseke mpata ngakhale umodzi. Anasaina."

"Nanga tichotsa mawu? Mawu yonse yazankhalamo. Tichotsa mphepo chabe."

"Bwanji tiwaimbire a Gordon?"

"Kuti nimuuze chani? Kuti naononga pepa ya miyezi iwiri? Imwe, musade nkhawa. Nizakamba nao amai aja lelo lomwe. Ni anthu omvetsa."

Ndinanena kamodzi kokha, n'kusiya. Madzulo ake ndinawafunsa ngati anaimba foni. Anati, "Zonse zili bwino," akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana. Ndinasankha kuwakhulupirira, ngakhale mumtima ndinkadziwa.

Ndinamasula mafelemu. Ndinachotsa zitsulo zimene ndinaziyesa ndi rula milungu isanu, n'kukankhira mawu pamodzi. Mzere umene unkayambira pakati ndinauyambitsa kumanzere. Mawu atatu aja ndinawaika pansi pa ndakatulo ina, ndi kanyenyezi pakati. Zinanditengera masiku anayi. Pamaso pa munthu wosadziwa, masambawo ankaoneka bwino kuposa kale, odzaza ndi olongosoka. Tinasindikiza, tinaumitsa, tinapinda, ndipo ine ndinasoka mabuku onse ndi ulusi wabafuta. Zilembo tinazibwezera m'madirowa chifukwa zinkafunika pa makadi a Khirisimasi. Panalibenso pepala, panalibenso masamba osanjidwa.

A Gordon anabwera Lachinayi, ndipo Mayi Ruth anabwera Lachisanu cha m'ma teni koloko, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti phwando lawo lichitike. Kunja kunali dzuwa koma kozizira. Anavula magolovesi, anakhala pampando womwe uja, a Gordon n'kuwaikira buku limodzi patebulo. Anasisita chikuto, akumwetulira. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anabwerera koyamba. Kenaka anayamba kutembenuza msanga mpaka tsamba limodzi linapindika.

Sanakuwe. Anatseka buku, n'kuikapo dzanja.

"Apa mwalumikiza mawu amene pakati pake pakusowa mizere inayi," anatero. "Tsopano akunena chinthu chimene sananene. Mwachita zomwe ena onse anachita."

A Gordon anatenga mapepala oyesera osainidwa aja m'kabati, n'kuwayala pambali pa bukulo. Anafunsa kuti wasintha ndani.

Ndinayang'ana a Tembo. Ndinali wotsimikiza kuti ayankha. Anayankhadi, m'Chingerezi chodekha, manja atawapinda kumbuyo. Anati pepala linaonongeka ndi chuku chifukwa Mbewe analinyowetsa n'kuliiwala pa tchuthi. Anati iwo anali otanganidwa ndi makadi, ndipo anazindikira masamba atasindikizidwa kale. Kenaka anawonjezera mawu amene ndimawamvabe.

"Musamukwiyire kwambiri. Kwathu pepala ndi losowa. Munthu akaona tsamba loyera amaona ngati n'kuwononga. Sanamvetse."

Mayi Ruth ananditembenukira. "Koma ndinakufotokozerani," anatero. "Ndinakhala pompano. Ndinkaona ngati mwamva."

A Gordon anati, "Mbewe, ndi zoona?"

Pamenepo a Tembo anayankhula m'chinenero chathu, motsitsa, ngati akundilimbikitsa kupepesa. "Nkhalani chabe zii. Nizakonza pambuyo."

Anthu amene ndawafotokozera nkhaniyi amandifunsa chifukwa chake sindinayankhe. Ana anga, amene anakulira kuno, samvetsa n'komwe. Ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sutsutsana naye pamaso pa alendo. Ukamutsutsa, umatero kuseri, mwaulemu, ndipo iye amapeza njira yokonzera popanda kuchita manyazi. Uyu anali mkulu wa mpingo, amene ndinalowa pakhomo lija kudzera mwa iye. Kunena kuti akunama, pamaso pa azungu awiri, pakamwa panga sipanathe. Ndinkakhulupiriranso kuti mwambo umenewu uli ndi mbali ziwiri: wamng'ono amakhala chete pagulu, wamkulu amakaulula kuseri. Ine ndinachita mbali yanga. Ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Pepani."

Mayi Ruth anavala magolovesi. Sanatenge buku ngakhale limodzi. A Gordon anawaperekeza kugalimoto, ndipo atabwera anandiuza kuti kuononga pepala akanakhululuka, chifukwa aliyense anaonongapo. Chimene sakanatha ndi kusunga munthu amene amasintha ntchito yosainidwa kuti abise cholakwa chake. Anandiuza kuti ndisiye epuloni pa msomali. A Tembo anali pa makina odulira mapepala, atandifulatira, akudula zinthu zosafunika kudula.

Ndinadikira foni Loweruka lonse. Lamlungu ndinawapeza pamalo oimika magalimoto kutchalitchi, akutsitsa mipando yopinda.

"Akulu, mwayankhula nawo a Gordon?"

"Akali okalipa. Tiyembekeze mtima ukhale pansi."

"Mpaka liti?"

Anaika mpando pansi. "Iwe Mbewe, ganiza. Ine nili na zaka sikisite. Nikachoka paja nizayenda kuti? Ndani azanilemba? Iwe ukali na mphamvu, uzapeza ina. Nizakufunira ine mwine."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Ndinawafunsa chifukwa chake anawonjezera zija zoti kwathu pepala ndi losowa.

"Nenze kukuthandiza," anatero. "Azungu amvela chifundo na vinthu va so."

Belu linalira, iwo n'kunyamula mipando. Tsiku limenelo ndiwo anawerenga zolengeza kutsogolo.

Ndinakhala miyezi itatu osagwira ntchito, m'chisanu. Kenaka ndinayamba kupakira makatoni m'sitolo ina yaikulu ku Wheaton. Mkazi wanga ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti ndipite ndikanene. Ndinkati a Tembo akonza. Ndinkawaona Lamlungu lililonse, ankandigwira chanza ndi manja awiri, kufunsa za ana, koma nkhani ija sanaitchulenso. Anthu a mumpingo anamva kuti ndinachotsedwa chifukwa chosasamala. Sindikudziwa amene anawauza.

Mu Epulo ndinaimba foni kushopu nthawi imene ndinkadziwa kuti a Tembo apita kukasiya katundu. Ndinawafotokozera a Gordon zonse, kuyambira pa beseni mpaka pa thumba lakuda. Anamvetsera osandidula.

"Ndinakufunsa," anatero. "Unali pamaso panga, ndipo unati pepani. Ukananena tsiku lija ndikanapita kukayang'ana mubini, ndikanafunsa a garaja. Lero ndili ndi mawu ako ndi mawu ake, ndipo iye ndagwira naye zaka khumi. Ukufuna nditani?"

Ndinapempha adiresi ya Mayi Ruth kuti ndiwalembere. Anandiuza kuti phwando lija linachitika popanda mabuku, kuti anaitanitsa pepala lina, koma mayiwo anadwala mu Febuluwale ndipo anali kunyumba yosamalira okalamba, osazindikiranso anthu bwinobwino. Anamwalira chilimwe chomwecho. Buku lawo silinasindikizidwenso. Anapita akudziwa kuti munthu amene anamukokera mpando n'kumufotokozera zonse ndiye anawononga ntchito yawo ya zaka makumi awiri. Ndipo sanalakwitse kwenikweni. Bodza linali la a Tembo, koma zitsulo zija ndinazichotsa ndi manja anga, ndikudziwa.

Tinasamukira mpingo wina chaka chimenecho. A Tembo anapuma ntchito patapita zaka zinayi, n'kubwerera ku Lusaka. Asananyamuke ananditumizira uthenga pafoni wondiitana ku chakudya chotsanzikana. Sindinapite, ndipo sindinayankhe.

Tsopano ndimayang'anira anthu asanu pakampani ina yosindikiza ku Rockville komweko, ya makina amakono. Ndili ndi malamulo awiri amene atsopano amaona ngati ovuta. Loyamba, ntchito imene kasitomala wasaina sisintha mpaka iye mwini atasainanso, ngakhale wonena kuti isinthe ndine. Lachiwiri, ndikalamula chinthu ndimalemba pakhadi la ntchitoyo n'kuikapo dzina langa, kuti chikalakwika pasakhale wofunsa kuti wasintha ndani.

Chaka chatha tinalemba ntchito mayi wina wa ku Lilongwe, wamsinkhu wa mkazi wanga. Tsiku lina ndinamuuza kuti adule timabuku tina m'mbali mopitirira muyeso wa pakhadi, chifukwa ndinkafulumira. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Chabwino, bambo." Ndinaona kuti sakugwirizana nazo. Ndinazimitsa makina, ndinaitana anzake onse anayi, n'kumuuza kuti anene pamaso pawo chimene akuona kuti ndalakwitsa. Zinamutengera nthawi, koma ananena, ndipo ankanena zoona. Ndinafufuta lamulo langa pakhadi iwo akuona.

Pambuyo pake anandipeza pa sinki, n'kundiuza motsitsa kuti ndinamuchititsa manyazi. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndipo ndidzateronso.